Malikisi anga adali ochepa, achemwali

Sabata yatha ndidalandira kalata yochokera kwa achemwali ena a ku Monkey Bay. Apempha kuti ndisatchule dzina lawo, ndipo sinditero. Iwo amagwira ntchito kubungwe lina loona za ana m'midzi ya kwa Nankumba, ndipo ali ndi digiri ya zachisamaliro cha anthu, ija pachizungu amati social work. Mtima wawo uli pa digiri yachiwiri, ya Masters, koma akuti pepala la malikisi awo likuwachititsa manyazi chifukwa adangokhoza ndi pass wamba.

"Kodi ndiyesere kapena ndingoiwala?" afunsa motero. "Anzanga ena akuti ndilembe kalata yomvetsa chisoni yofotokoza za ana amene ndimawathandiza, ati akuluakulu a sukulu amagonja nazo zoterezi. Wina akuti akudziwa munthu amene angandikonzere pepalalo pa kompyuta kuti malikisi akwereko pang'ono."

Achemwali, ndasankha kukuyankhani poyera chifukwa funso lanuli si la inu nokha. Ndalimvapo ku Namwera, ndalimvapo ku Makanjira, ndalimvaponso m'minibasi ya ku Liwonde, kuchokera kwa aphunzitsi, anamwino ndi alangizi. Komanso njira mukufuna kuyendayi ndidayendamo ineyo, ndipo minga yake ndikuidziwa.

Kwathu ndi kufupi ndi Malindi, kutsidya kwa nyanja. Bambo anga adali msodzi. Achimwene anga awiri adalekezera sukulu Sitandade 8 n'kulowera ku Joni, monga amachitira anyamata ambiri a m'boma lino. Ine ndekha ndiye ndidafika Fomu 4 mpaka kusukulu ya ukachenjede. Tsiku lonyamuka, theka la mudzi lidandiperekeza kusiteji ngati mkwati.

Ndili m'chaka chachitatu, bambo adadwala matenda ofa ziwalo. Ndalama za ku Joni zinkabwera mwa apo ndi apo. Kuti fizi ipezeke, ndinkathawa m'kalasi Lachinayi, kubwera kugombe kudzagula usipa, kuulongedza m'matumba, n'kukaugulitsa mumsika wa Limbe. Lolemba ndinkalowa m'kalasi ndikununkha nsomba, maso ali psuu ndi tulo. Zimenezi n'zoona, ndipo kwa zaka zambiri ndi zokhazi zimene ndinkauza anthu akandifunsa za malikisi anga.

Pali choona china chimene ndinkabisa. Ngakhale bambo asadadwale, laibulale sindinkaikonda. Phunziro la kachitidwe ka kafukufuku ndi lija la ziwerengero ndinkawanyoza poyera. Ndinkati ine ndabwera kudzaphunzira kuthandiza anthu, nanga masamu alowa pati? Maphunziro awiriwo ndidachita kulemba mayeso obwereza, ndipo ndidadutsa mokwawa. Digiri ndidatenga, gauni ndidavala, chithunzi chili pakhoma kwa mayi mpaka lero. Koma pepala la malikisi ndidalipinda kanayi n'kuliika pansi pa sutikesi.

Nditagwira ntchito zaka zitatu, ndidaganiza zokachita digiri yachiwiri. Ndinene chilungamo, chidandikankha n'chakuti mnzanga amene tidayamba naye limodzi adakwezedwa n'kuyamba kuyendera galimoto ya magalasi otseka, pomwe ine ndinkamezabe fumbi pa njinga yamoto m'misewu ya kwa Katuli. Ndidakhala pansi n'kulemba kalata ya masamba atatu. Yonseyo idali yokhudza mtsikana wina amene tidamuchotsa kubanja pagombe lina: momwe adalirira, zimene mwamunayo ankamuchita, zimene adandinong'oneza tsiku loyamba. Za malikisi sindidatchulemo ngakhale liwu limodzi. Ndinkaganiza kuti wowerenga akagwetsa misozi, manambala sawaona.

Sukulu zimafunanso makalata a anthu okuchitira umboni. Ndidapita kwa mayi wina amene adandiphunzitsa, n'kuti panthawiyo atapuma pantchito. Adandilandira pakhonde, adawerenga kalatayo mpaka kumapeto, kenaka adavula magalasi.

"Mwananga, mtsikana ameneyu adakulola kuti misozi yake ikhale tikiti yako?"

Ndidati dzina sindidatchule.

"Watchula gombe, watchula zaka zake, watchula ntchito ya mwamunayo. Munthu wa kumeneko angalephere kumuzindikira? Chinanso, kalatayi ikungondiuza kuti ku Mangochi kuli mavuto. Zimenezo akudziwa kale. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti iweyo ungathe kuwerenga buku mpaka kulimaliza, n'kulemba zomveka. Pepala lako la malikisi likuti sungathe. Wayankhapo chiyani? Ine pakadali pano umboni sindikulembera, chifukwa munthu amene ndikumudziwa ndi uja ankasinza kumbuyo kwa kalasi."

Ndidachoka pakhomopo tiyi ndisadamalize. Ndidapeza ena ondilembera, amene adanena kuti ndine munthu waulemu, wodzichepetsa ndi woopa Mulungu. Ndidatumiza mapepala kusukulu zitatu, ziwiri zakuno, imodzi yakunja. Ziwiri zidandikana, yachitatu sidayankhe. Maina awo sinditchula chifukwa palibe chimene adandilakwira. Koma panthawiyo aliyense amene adandipatsa khutu ndidamuuza kuti ndi katangale, ife a kunyanja amatinyoza, amafuna ana a anthu a maina.

Adanditsegula maso ndi mnyamata wina wa zaka zosakwana 15. Nkhani yake ndasintha zina ndi zina, poti phunziro la mayi aja lidalowa ngakhale mochedwa, ndipo wochita manyazi m'nkhaniyi ndine.

Kwa amene simudziwa ntchito yathu, ndifotokoze pang'ono. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limati mwana akalakwira lamulo asatengedwe ngati munthu wamkulu. Nkhani yake imapita kubwalo la ana, ndipo wa zachisamaliro cha anthu amalemba lipoti lofotokoza za mwanayo: zaka zake, komwe amakhala, amene amamusamala ndi zimene zingamuthandize. Pamilandu ing'onoing'ono lamuloli limalola kuti nkhani ipatutsidwe, mwana abwerere kwa abale ake ndi uphungu, osafika potumizidwa kumalo osulirako ana olakwa monga ku Mpemba ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba. Lipoti limeneli ndi lolemera, chifukwa woweruza kumudzi kwa mwanayo sadapondeko. Maso ake ndi ifeyo.

Mnyamatayu ankagwira ganyu yokoka makoka, ndipo adamupeza ndi chigubu cha petulo wa injini ya boti. Lipoti lake ndidalemba madzulo amodzi. Ndidalemba kuti ndi mbava yodziwika, chifukwa mwini boti ndi abambo awiri a pagombe adatero. Ndidalemba kuti palibe wachibale wofuna kumutenga, chifukwa mayi wina woyandikana naye nyumba adatero. Zaka zake ndidangoyerekeza pomuyang'ana msinkhu.

Woweruza adandifunsa mafunso atatu, modekha, osakweza mawu. Zaka zimenezi mwazitenga kuti? Mukuti ndi mbava yodziwika, adabapo chiyani, liti, ndipo wanena ndani? Mukuti palibe wachibale, mwalankhula ndi angati? Ndidangoti kukamwa yasa. Nkhaniyo adaiimitsa kwa sabata ziwiri kuti ndikalembenso, ndipo poti lipoti langa lidati palibe womutenga, mwanayo adatsala m'manja mwa boma.

Ndidakwera njinga kupita kuseri kwa mapiri. Kumeneko ndidapeza agogo ake akuchikazi ndi amjomba ake, amene sankadziwa n'komwe kuti mwana wawo wagwidwa. Agogowo adatulutsa kabuku ka kusikelo m'kathumba ka shuga, chaka chobadwa chili pomwepo. Kusukulu, kaundula adaonetsa kuti mnyamatayo ankaphunzira bwinobwino mpaka Sitandade 5, pomwe bambo ake adasiya kutumiza ndalama kuchokera ku Joni. Za kuba, palibe adakumbuka kanthu kena kupatula chigubu chija. Amjomba adabwera kubwalo, nkhani idapatutsidwa, mwana adapita kwawo. Potuluka sadandiyang'ane, ndipo sindimuda. Masiku 14 aja adagona kutali ndi kwawo chifukwa cha ulesi wa cholembera changa.

Usiku umenewo ndidatsegula sutikesi n'kutambasula pepala la malikisi lija. Phunziro limene ndidalinyoza, la kachitidwe ka kafukufuku, linkaphunzitsa mafunso atatu omwewo: wazitenga kuti, wanena ndani, wafunsa angati. Malikisi aja sadandinamizire. Adanena zoona za ine zaka zingapo woweruza asadazinene.

Ndiye achemwali, poyambira ndi pomwepa. Tulutsani pepala lanu muliwerenge ngati ndi la munthu wina. Onani maphunziro amene mudagwa ndi chaka chimene mudagwa. Ngati malikisi adatsika chaka chimodzi chokha, mwina cha matenda, maliro kapena uchembere, ndipo zaka zinazo ali bwino, pamenepo pepala lenilenilo likukuikirani kumbuyo, inu kwanu n'kungolozera. Koma ngati mudagwa m'maphunziro a mtundu umodzi chaka ndi chaka, monga a kafukufuku, a malamulo kapena olemba nkhani zitalizitali, dziwani kuti pamenepo pali dzenje lenileni, ndipo digiri yachiwiri imayenda pamwamba pa dzenje lomwelo. Kumeneko kulibe kuloweza manotsi. Kuli kuwerenga wekha, kutsutsana ndi olemba mabuku, n'kumaliza ndi kafukufuku wako wa masamba ambirimbiri. Akulu adati madzi akatayika saoleka, ndipo malikisi a zaka zapitazo simungawasinthe. Chimene mungathe ndi kuika pambali pake umboni watsopano.

Ine umboni umenewo udanditengera zaka zinayi. Ndidayamba ndi malipoti a kuntchito. Lililonse ndidayamba kuligawa patatu: zimene ndaona ndi maso anga, zimene ndamva pamodzi ndi amene wanena, ndi zimene ndikuganiza ineyo. Ndidapempha mnyamata wina wosunga ziwerengero kuchipatala, wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi, kuti azindiphunzitsa Excel Loweruka masana, malipiro ake chambo chimodzi pamwezi. Ndidadziikira lamulo lowerenga nkhani imodzi ya akatswiri sabata iliyonse pa foni, usiku ana atagona, n'kulemba mwachidule zimene ndamva m'kope la ana a pulayimale.

Kolera atavuta mu 2022 ndi 2023, Mangochi idali limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa kwambiri. M'dera langa ndidatsegula kaundula wa ana amene adataya kholo kapena wowasamala: adapita kwa yani, ndipo patatha miyezi itatu adali pasukulu kapena ayi. Palibe adandituma. Pamapeto pake ndidalemba lipoti la masamba asanu ndi atatu, lopanda dzina la mwana aliyense, ndipo abwana adalitenga kumsonkhano wa paboma. Kenaka ndidalembetsa dipuloma ya chaka chimodzi ya anthu amene ali kale ndi digiri, yophunzira kumapeto a sabata. Lachisanu madzulo ndinkakwera minibasi kudutsa pa Ulongwe ndi pa Liwonde, Lamulungu usiku n'kubwerera. Nthawi iyi ndidakhala kutsogolo kwa kalasi, ndipo ndidakhoza ndi credit.

Ndidabwerera pakhonde paja ndili ndi zotsatira za dipuloma ndi lipoti la kolera. Mayi aja adatenga cholembera chofiira n'kulichonga lipotilo mpaka kuoneka ngati lachita ngozi. Atamaliza adati, "Tsopano ndili ndi choti ndinene." Tiyi tsiku limenelo ndidamaliza.

Kalata yanga yachiwiri idali tsamba limodzi ndi theka. Za malikisi ndidalemba ziganizo zitatu zokha: kuti m'chaka chachitatu bambo adadwala ndipo ndinkachita geni yopezera fizi, kuti maphunziro a kafukufuku sindidawaikire mtima ndipo malikisi akuonetsa zimenezo, kuti umboni wa zimene ndachitapo kuchokera nthawi imeneyo ndi dipuloma ndi lipoti zomwe ndaphatikiza. Kwina konseko ndidafotokoza funso limene ndinkafuna kufufuza, loti chimachitika n'chiyani kwa ana otsala ndi agogo awo bambo akalowera ku Joni ndalama n'kusiya kubwera, ndi momwe ndingalifufuzire. Adandiitana kukacheza nawo, adandifunsa za malikisi omwewo maso ndi maso, ndidayankha zomwezo, ndipo adanditenga. Pano ndikulimbana ndi kafukufuku wanga, ndipo mutu umandiwawa sabata iliyonse.

Sindikukulonjezani kuti inunso zikuyenderani chimodzimodzi. Makomo ena ndi otseka ndithu kwa munthu wa pass, ndipo ndi bwino kuwadziwa musadataye ndalama. Thandizo la Chevening, limene boma la Britain limapereka kwa ofuna kukachita Masters kumeneko, limafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, komanso digiri yoti sukulu za kumeneko zingailandire, imene kawirikawiri imakhala ya mlingo umene iwo amati upper second class. Thandizo la Commonwealth nalonso limafuna mlingo womwewo, ngakhale limaganizirako munthu wa lower second class ngati ali ndi pepala lina la pamwamba pa digiri. Chosangalatsa n'chakuti mbali ya Commonwealth ya ophunzira ali kwawo kudzera pa intaneti imanena kuti nthawi zina imaganizira munthu wa malikisi otsikirapo ngati wagwira ntchito yogwirizana ndi maphunzirowo kwa nthawi yokwanira. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali kale, mapepala a kuno amayamba adutsa kubungwe la SAQA kuti awayeze, ndipo sukulu zambiri zimafuna malikisi a pakati pa 60 ndi 65 pa 100 alionse. Malamulo otere amasintha, choncho muziwerenga nokha chaka chimene mukufunsira malo, osadalira za pa WhatsApp.

Kuno kwathu maphunziro a ntchitoyi ndi aang'ono msinkhu. Kwa zaka zambiri alangizi a zachisamaliro cha anthu ankasulidwa ku Magomero m'boma la Chiradzulu, n'kutuluka ndi satifiketi. Madigiri adabwera pambuyo: ku Catholic University ku Nguludi, imene idatsegulidwa mu 2006, ku DMI St John the Baptist konkuno ku Mangochi, ndi ku University of Malawi ku Zomba. Tanthauzo lake n'lakuti aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wa ophunzira a digiri yachiwiri ndi owerengeka, ndipo sangatenge aliyense. Koma tanthauzo linanso n'lakuti ndi anthu ofikirika. Musadalipire ndalama ya fomu, lemberani kapena pitani kwa mkulu wa nthambiyo mukafunse mwaulemu: kodi zaka za ntchito mumaziwerengera? Kodi mumaitana anthu kudzacheza nawo? Kodi munthu wa pass amene ali ndi dipuloma ya pamwamba mumamuganizira? Safunsa adadya phula. Ine ndalama za mafomu atatu oyamba aja ndidangoponya m'nyanja chifukwa chosafunsa.

Musaumirirenso dzina limodzi la digiri. Munthu wogwira ntchito ndi ana a kugombe angapindule ndi maphunziro a zachitukuko, monga amene ali ku Zomba, kapena a zaumoyo wa anthu, monga amene ali ku Kamuzu University of Health Sciences. Chofunika n'chakuti agwirizane ndi funso limene likukusowetsani tulo. Ndipo sukulu iliyonse imene mwasankha, yakuno kapena ya pa intaneti, yambani mwafunsa ku National Council for Higher Education, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka. Munthu wokanidwa kawiri amakhala nyama yofewa kwa aja amati bwerani kuno sitiona malikisi, bola ndalama. Sukulu imene siikufunsani chilichonse ikupatsani pepala limenenso palibe adzalifunse.

Pa za okuchitirani umboni, kumbukirani kulakwa kwanga. Abusa, ashehe kapena agulupu angathe kunena zoona kuti ndinu munthu wabwino, koma limenelo si funso limene lafunsidwa. Pezani mphunzitsi amene waona zolemba zanu za posachedwa, ndi bwana amene angatchule ntchito yeniyeni imene mudagwira, mwezi wake ndi zotsatira zake. Apatseni nthawi yokwanira, apatseni zolemba zanu, ndipo pepala la malikisi musawabisire. Akakana monga adandikanira mayi aja, funsani chimene chikusowa. Yankho limenelo ndi la mtengo wapatali kuposa kalata yolembedwa mwamanyazi.

Tsopano za munthu wa kompyuta uja. Achemwali, musayerekeze. Sukulu zambiri zimafuna kuti pepala la malikisi lichokere kusukulu yanu yakale mwachindunji, kapena zimafunsa komweko kuti zitsimikize, ndipo dziko lathu ndi laling'ono: amene akuwerenga fomu yanu mwina adaphunzira limodzi ndi amene adakuchongani. Kupeka kapena kusintha chikalata ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo ukhoza kukuchotsetsani ntchito imene muli nayo kale. Koma ngakhale zitapanda kudziwika, taganizani za ntchito yathuyi. Ife timasaina malipoti amene amatha kuchotsa mwana m'manja mwa kholo lake, kutsekeretsa bambo wogwirira, kapena kulowetsa banja mu Mtukula Pakhomo n'kusiya lina. Katundu wathu yense ndi siginecha yokhulupirika. Mukaigulitsa kamodzi chifukwa cha malikisi asanu, mwini boti akadzabwera ndi envelopu mudzakana ndi pakamwa pati?

Za kalata yomvetsa chisoni ndanena kale, koma ndibwereze chifukwa anzanu aja akukunamizani mokoma. Ana amene mumawathandiza adakuuzani zinsinsi zawo kuti muwathandize. Mtsikana amene adakuululirani za pagombe, za nsomba zosinthanitsa ndi thupi, sadadziwe kuti mawu ake adzawerengedwa ndi alendo asanu atazungulira tebulo. Mukhoza kulemba za ntchito yanu popanda kuvula munthu: mwagwira milandu ya mtundu wanji, mudachitapo chiyani, chidakanika n'chiyani, mwaphunzirapo chiyani. Wowerenga wodziwa ntchitoyi akaona kuti mwayalula mwana pakalata yofunsira malo, amadziwiratu momwe mudzasungire zinsinsi za anthu pa kafukufuku.

Funso lomaliza ndi lija ndidalephera kudzifunsa poyamba: mukuifuniranji digiriyi? Ngati ndi kukwezedwa ndi malipiro abwino, si tchimo, ana amadya nsima osati chifundo. Koma werengerani bwino. Fizi yake ndi mamiliyoni a kwacha, kuwonjezapo thiransipoti, malo ogona, intaneti ndi Loweruka lililonse limene simudzaoneka pamaliro kapena paukwati wa abale. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu mugwirizane, chifukwa ngongole imeneyi mudzaisenza nonse. Ndipo dziwani kuti alipo anzathu a satifiketi ya ku Magomero amene ntchitoyi amaidziwa kuposa ife tonse, moti ine ndikathedwa nzeru ndimaimbira iwowo. Kupanda Masters sikukuchepetsani.

Komabe ndingakondwe mutapita. Malamulo tili nawo. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Nambala ya 116 yoimbira nkhani za ana ilipo. Koma zimene zimachitika pakati pa lamulo ndi mwana wa ku Msaka kapena wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, olemba ake ambiri ndi alendo obwera sabata ziwiri ndi womasulira. Ife amene timamva Chiyao ndi Chinyanja cha kugombe, amene timadziwa kuti nthawi ya jando ndi nsondo kalasi imachepa, kuti nyengo yotseka nyanja m'nyumba mumalowa njala, timangodandaula m'minibasi osalemba kanthu. Ukaipa dziwa nyimbo, adatero akale. Nyimbo yathu ife a pass ndi yakuti maderawa timawadziwa, koma tiyenera kuphunzira kuiimba mwa dongosolo loti wina angaitsatire n'kuitsimikiza.

Ndiye yankho langa ndi ili. Chaka chino musatumize fomu. Sabata ino tulutsani pepala lija muone pomwe pali dzenje. Mwezi uno sankhani chinthu chimodzi cha kuntchito kwanu chimene mungachiwerenge ndi kuchilemba bwino, mwina atsikana amene adabwerera kusukulu atabereka ndi angati amene adakalipo patatha chaka, mupemphe chilolezo kwa abwana, muyambe kaundula. Fufuzani dipuloma kapena kosi yovomerezeka yokhala ndi mayeso enieni, mukakhale kutsogolo. Mukatero mudzakhala ndi choika pambali pa pass wanuyo, ndipo mudzamutchula nokha asadakufunseni.

Kalata yanu yofunsira malo mukadzailemba, itumizeni kuno kudzera kwa akonzi. Mayi aja adandipatsa cholembera chawo chofiira tsiku lija, ati iwo maso ayamba kuvuta. Inki ikadalimo.